Pa siteji palibe "tiyambirenso"

Akatswiri a mafilimu a ku Hollywood ali ndi kamatenda kena kake. Ndalama zikachuluka, imvi n'kuyamba kutuluka, mtima umawauza kuti apite ku Broadway, mumzinda wa New York, akachite zisudzo pamaso pa anthu. Amati akufuna kubwerera ku luso lenileni. Chabwino, sitikutsutsa.

Koma pojambula filimu, ukaiwala mawu amaimitsa kamera, wina akukupukuta thukuta, wina akukupatsa madzi, n'kuyambiranso mpaka zitheke. Ku Broadway umasewera maulendo 8 pa sabata, ndipo ukaphonya, holo yonse yaona, kuphatikizapo agogo a pampando wakutsogolo aja amene akhala akutsokomola chiyambireni sewero.

Mu 2025 George Clooney anakalawako koyamba ndi sewero la Good Night, and Good Luck. Imvi zake zotchuka zija anazidaya kukhala zakuda bii, zonsezo kuvutikira luso. Chaka chomwecho Denzel Washington anasewera Othello pamodzi ndi Jake Gyllenhaal, ndipo matikiti ena anafika madola 921. Mpando umodzi, usiku umodzi, pa nkhani ya Shakespeare yoti aliyense akudziwa kale kuti Desdemona aphedwa pamapeto!

Denzel tisamunyoze, siteji ndi kwawo: anapambana mphoto ya Tony mu 2010 ndi sewero la Fences. Koma Othello wodula uja sanasankhidwe n'komwe kuti apikisane nawo pa mphotozo. Ndikukayika ngati olipira aja zinawapweteka. Ambiri anapitira kukapuma mpweya umodzi ndi Denzel, n'kudzijambula pakhomo kuti anzawo pa Facebook adziwe.