Mmene mungawonongere kandege kanu kankhondo

Bokosi lake limachokera kutali. Ambiri amene ali nalo kuno ku Lilongwe anachita kutuma m'bale wawo wa ku Joni, ndipo linayenda pabasi kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka kudzalowera pa Dedza. Ena anaitanitsa pa intaneti n'kudikira milungu. Pachivundikiro pali chithunzi cha ndege ya Gripen ikuboola mitambo. M'kati muli tizidutswa ta pulasitiki togwirana pa mafelemu, kagalasi kophimba woyendetsa, pepala la zizindikiro ndi kabuku ka malangizo. Kachidutswa kalikonse kalimo kamodzi basi. Kakathyoka kamwendo ka tayala, mutha kuyenda sitolo ndi sitolo mu Malangalanga monse, simukapeza kolowa m'malo mwake.

Gripen yeniyeni imapangidwa ndi kampani ya Saab ku Sweden, ndipo inauluka koyamba mu 1988. Dziko la South Africa linagula 26, n'kuzisunga ku Makhado m'chigawo cha Limpopo, kufupi ndi msewu womwe basi ija inadzera. Kutalika kwa ndegeyi kumapitirira pang'ono mamita 14. Pa sikelo ya 1/72, yomwe kampani ya Airfix ya ku Britain inaitchukitsa m'zaka za m'ma 1950, kandege kanu kadzatalika pafupifupi masentimita 20. Mukalakwitsa ndi milimita imodzi, pa ndege yeniyeni mwalakwitsa ndi masentimita 7. Choncho kuwononga n'kosavuta. Njira zake ndi izi, mwa ndondomeko yake, ndipo iliyonse ndi yodalirika.

Kabuku kaikeni pambali

Munaonapo ndege ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ndiye mukudziwa kuti mapiko amakhala m'mbali, mchira kumbuyo. Yambani ndi zikuluzikulu zimene zikukopa maso. Tengani mbali ziwiri za thunthu la ndege, muzimate nthawi yomweyo. Kabuku kakanakuuzani kuti choyambirira ndi kachipinda ka woyendetsa: mpando wake, ndodo yowongolera ndi bolodi la mageji, zonse zopentedwa kale, chifukwa thunthu likatsekedwa burashi siilowamonso. Inu mudzazindikira izi guluu atauma, mpando uli m'manja mwanu, polowetsera palibe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pano wofunsidwayo anali m'bokosi momwemo.

Thotholani ndi manja, zonse nthawi imodzi

Musavutike ndi chowengera zikhadabo kapena kampeni kakuthwa. Potokolani kachidutswa kalikonse mpaka kathothoke. Pamene kanagwirira felemu padzatsala bala loyera, ndipo nthawi zina pulasitiki imang'ambikira m'kati mwa phiko. Tizidutswa towonda, monga kachubu ka kumphuno koyezera liwiro, timangoduka pakati.

Mukatero thotholani zonse n'kuziunjika m'mbale imodzi. Manambala a tizidutswa amalembedwa pa felemu, osati pa tizidutswa tenitenito, ndiye mukatilekanitsa simudzadziwanso chitseko cha tayala lakumanzere ndi cha lakumanja. Musatsuke kalikonse. Pulasitiki imatuluka ku fakitale ili ndi kamafuta kothandiza kuichotsa m'chikombole, ndipo zala zanu zimawonjezerapo ena. Madzi ofunda ndi kasopo pang'ono akanachotsa zonsezo. Mukazisiya, penti adzakana kugwira, adzangodzikundika timadontho.

Guluu achuluke

Guluu wa tindege timeneti, kaya ndi wa Tamiya, Revell kapena Humbrol, sagwira ngati guluu wa pepala. Iye amasungunula pulasitiki ya mbali zonse ziwiri kuti zikauma zikhale chinthu chimodzi. Kadontho kakang'ono kamayenda kokha m'mphepete monse. Inu finyani chubu mpaka asefukire, musanayeserere n'komwe ngati zidutswazo zikulumana bwino. Akatulukira kunja mupukute ndi chala. Chidindo cha chala chanucho chidzakhala pa phiko mpaka kalekale, mizere yake yonse ikuoneka, chifukwa mwadinda pa pulasitiki yofewa.

Kagalasi ka woyendetsa ndiye mukamate ndi supaguluu wa pa okala. Nthunzi yake imakwera n'kukakhala m'kati mwa galasi ngati chifunga choyera, makamaka pamene panakhudza chala, ndipo galasi likamatidwa simungapukutemo. Guluu woyera wa akalipentala akanagwira popanda kudetsa, poti akauma amaonekera. Koma iyeyo amafuna kudikira usiku wonse.

Kumphuno musaikeko kanthu

Ndege zankhondo zamakono zimaima pa miyendo itatu, umodzi kutsogolo, iwiri chapakati. Kulemera kwa ndege yeniyeni anakuwerengera kuti iziima bwino, koma ka pulasitiki nthawi zambiri kamalemera kumbuyo. Kabuku kamanena ngati pakufunika kuika kachitsulo kumphuno, ndipo nati imodzi kapena ziwiri za njinga zimakwana, bola zilowe thunthu lisanatsekedwe. Dumphani pamenepo. Tsiku loimika kandege pa matayala ake kadzakhala pansi ndi mchira, mphuno kuloza kudenga.

Palani ndi sandipepa wa matabwa

Pamene mbali ziwiri zakumana pamatsala mzere, nthawi zina kampata. Pali njira ziwiri zowonongera. Yoyamba ndi kungousiya poganiza kuti penti adzabisa. Penti sabisa mzere, amachita kuuonetsa. Yachiwiri ndi kutenga sandipepa wokhakhala amene munagulira chitseko. Pathupi pa kandege pali timizere tosema toonetsa pamene malata a ndege amakumana, topyapyala ngati tsitsi, ndipo ndi timeneti timachititsa kuti kaoneke ngati ndege yeniyeni. Sandipepa wa nambala 80 amatifafaniza tonse pa mphindi imodzi n'kusiya zikanda. Wosalala wa 600 kapena 1000, wonyowetsa m'madzi, amene okonza mabodi a galimoto amagwiritsa ntchito, musamuyandikire.

Penti: apa ndiye pamene ambiri amamalizira

Tsikirani ku Old Town mukagule chitini cha penti wopopera wa mageti ndi mabagala. Imani pafupi, mupopere mwamphamvu, ulendo umodzi, popanda andakoti. Mankhwala a mu penti wotere ndi aukali, ndipo akagwera ambiri pa pulasitiki ya mtundu umenewu amaidya. Mudzaona phiko likuchita makwinya inu mukuyang'ana. Thinners wa magalimoto amachita chimodzimodzi, ngakhalenso mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, choncho mukafuna kufufuta cholakwa choyamba, fufutirani amenewo.

Ngati muli ndi penti woyenera, kaya timabotolo ta acrylic kapena tizitini ta Humbrol ta mamililita 14, mpata wowononga udakalipo. Musatakase. Utoto weniweni umakhala pansi pa chitini, pamwamba pali madzi ake okha. Musasungunulenso. Penti wa kandege amayenera kupyapyala ngati mkaka, n'kupakidwa kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse woyambawo utauma. Ulendo woyamba umaoneka moipa, pulasitiki ikusuzumira, ndipo apa ndi pamene mtima umakuuzani kuti muwonjezere. Umvereni. Viikani burashi yonse, mupake mokhuthala, ndipo pamene payamba kuuma mubwererepo. Burashi idzakoka penti wosaumayo n'kusiya mikwingwirima, timizere tija tidzakwiririka, ndipo mabowo olowera mpweya adzadzaza.

Mtundu wake musankhe ndi maso. Ndege zankhondo zamasiku ano zambiri ndi zotuwa ngati phulusa, ndipo n'zadala, kuti zisamaoneke msanga mumlengalenga. Kabuku kamatchula nambala ya utoto uliwonse, ndipo kusiyana kwake kumakhala kochepa. Inu pakani siliva wonyezimira chifukwa ndege ndi chitsulo. Pofuna kulekanitsa mitundu iwiri, matani selotepi pa penti wa dzulo, muikanikize, kenako muimatule mwamsanga. Idzanyamuka ndi penti yemwe.

Nyengo nayo ikuthandizeni. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula zoyamba, Lilongwe amakhala pa fumbi, ndipo ngakhale ku Area 10 ndi ku Area 43, komwe kuli mitengo ndi kapinga, mpweya umanyamula phulusa la udzu wotentha. Pentani pakhonde masana, n'kusiya kandegeko poyera kuti kaume. Kuvindikira ndi beseni loyera kukanateteza, koma musatero. Kamchenga kalikonse kadzakhazikika pa penti wosauma, ndipo pa sikelo imeneyi kamchenga ndi mwala. Mu Okutobala kutentha kumaumitsa penti wa acrylic akadali pa burashi. Mu Januwale chinyezi chimachititsa vanishi wopopera kuyera ngati wathiridwa ufa. Nthawi yabwino ndi m'mawa, m'nyumba, pamalo popita mpweya koma posawomba mphepo, choncho muipewe.

Magetsi akazima pitirizani ndi kandulo, mawindo otseka, botolo la thinners lili chitsegulire pambali. Pano chowonongeka si kandege kokha. Nthunzi ya mankhwalawa imagwira moto, imapweteketsa mutu, ndipo mwana amene wakhala pafupi akuipuma limodzi nanu.

Zizindikiro muzimate pa penti wokhakhala

Mbendera, manambala ndi timalemba tochenjeza zimabwera pa pepala lapadera. Kalikonse kamadulidwa pakokha, n'kuviikidwa m'madzi ofunda kwa masekondi ochepa, kenako kamatsetsereka kuchoka pa pepala kupita pamalo pake. Inu ponyani pepala lonse m'mbale ya madzi. Zizindikiro zonse zidzayandama nthawi imodzi, zina zitapindika, guluu wake atasungunukira m'madzimo.

Zotsalazo muzimate pa penti wosanyezimira. Penti wotere, mutamuona ndi galasi lokulitsa, ndi wa tizitunda ndi timaenje. Chizindikiro chikagona pamenepo, mpweya umatsekeredwa pansi pake, ndipo m'mphepete mwake mumawala ngati siliva. Odziwa amayamba apaka vanishi wonyezimira kuti pasalale, n'kumata zizindikiro, n'kudzatsiriza ndi vanishi wosanyezimira. Amenewo ndi masiku ena atatu, ndipo inu mukufuna kujambula chithunzi lero kuti chipite pa WhatsApp.

Kaikeni padzuwa

Ngati kapulumuka zonsezi, kakhazikeni pawindo loyang'ana kumadzulo, kapena kutsogolo m'galimoto yanu yoimikidwa tsiku lonse ku City Centre. M'galimoto yotseka magalasi kutentha kumapinda tizidutswa towonda, timiyendo n'kutagalala. Dzuwa limafwifwitsa penti ndi kusandutsa zizindikiro kukhala zachikasu. Fumbi likachuluka pukutani ndi nsalu yokolopera tebulo. Mizinga ya pansi pa mapiko idzatsalira m'nsalumo.

Mwana mumuthamangitse

Njira zonse zapamwambazi zimawononga pulasitiki. Iyi ndi yoipa kuposa zonse, chifukwa imawononga munthu. Mukatsegula bokosi, mwana adzabwera kudzaima pambali pa tebulo. Muuzeni kuti achoke, zimenezi n'zodula. Ngati munagulira iyeyo, mulandeni n'kumanga nokha iye akuonerera, kapena bisani bokosilo pamwamba pa wadiropu mpaka atakula. Mudzapeza zizindikiro zitauma n'kusweka, mwanayo ali ku koleji, chidwi chitatha kalekale.

Zimandiwawa kwambiri ndikaona zimenezi, chifukwa manja odziwa ntchito yotere tili nawo. Mnyamata wa ku Kawale kapena ku Mchesi amene amapinda mawaya n'kupanga galimoto yokhota ndi chiwongolero, matayala ake a zitsekerero za mabotolo, amadziwa kale kuyeza, kuyeserera, kumasula ndi kuyambiranso. Osema ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town amadziwa kuti kusalaza kumayamba ndi sandipepa wokhakhala n'kumatsikira ku wosalala, ndipo polishi amabwera pomaliza. Kandege ka m'bokosi kamawonjezera china chimene mwana adzachifuna moyo wake wonse: kuwerenga chojambula cha akatswiri, kumvetsa sikelo, ndi kutsata ndondomeko imene wina anaiganizira. Amene amakonza injini za ndege zenizeni amagwira ntchito ndi luso lomweli. Malawi alibe ndege zankhondo za mtundu wa Gripen, koma amafuna amakaniki, ojambula mapulani ndi madokotala a opaleshoni, ndipo onsewa amayamba ndi dzanja lophunzira kudekha.

Mukayang'ana bwino njira zonsezi, muona kuti muzu wake ndi umodzi: kufuna kumaliza lero. Guluu amafuna usiku wake, penti amafuna tsiku lake, vanishi amafuna lake. Wosafuna kuwononga atsegule kabuku pa tsamba loyamba, akokere mwana mpando, amupatse chowengera zikhadabo, ndipo madzulo amenewo amange mpando wa woyendetsa wokha. Mapiko adikire Loweruka.