Boneti Ikatseguka, Aliyense ndi Makanika

M'tauni muno, ukasowa anthu ocheza nawo, ingoimika galimoto m'mbali mwa msewu n'kutsegula boneti. Wakabaza atsika panjinga, wachipisi asiya chiwaya, ngakhale bambo amene amathamangira kumaliro aima kaye, manja kumbuyo. "Yatani, bwana?"

Nyali yakumanja ya Sienta yazima. Inazima kalekale, koma bwana ankati diso limodzi likwanira, ngakhale usiku anthu ankaiyesa njinga yamoto. Lero akumbukira chifukwa kutsogoloku kuli apolisi apamsewu.

Woyamba amenya nyaliyo ndi chikhatho, ati yake imayaka akatero. Wachipisi azula babu, aigwiragwira pagalasi ndi zala zonona, aiyang'anitsitsa padzuwa, n'kulamula kuti ili bwino. Inalidi bwino asanaigwire, poti mafuta a m'zala amafupikitsa moyo wa babu yotereyi. Bwana akaponda buleki, indiketa nayo ikuphethira. Apa bambo akumaliro apukusa mutu: "Kumudzi munapita liti, achimwene? Izi si zamagetsi ayi." Chonsecho ndi dzimbiri chabe pamene waya wa earth wamangidwa kuchitsulo cha galimoto, ntchito ya kasandipepala.

Kenako atulukira katswiri weniweni, sikuludilaiva m'thumba lakumbuyo, akuti anaphunzira ntchito ku Biwi. Apeza fyuzi yofiira, ya 10, itapsa. Aika ina, nayo thii! "Mafyuzi a masiku ano ndi feki, madala," atero, n'kutola pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu kuti aike m'malo mwa fyuzi. Khamu livomereza. Palibe afunsa chimene chikupsereza fyuzi kawiri konse. Ntchito yakeyo ndi imeneyo, kupsa iyo nthambo zisanapse, ndipo ikapsanso ndiye kuti penapake waya wasupuka, kaya ndi makoswe kaya kukhulana ndi chitsulo, ndipo akuchita shoti. Woteroyo amafunika kumulondola mpaka pabala, kumulumikiza bwino n'kumuphimba, osati kumupota ndi mano n'kumukulunga jumbo.

Mayi amene anali pampando wakumbuyo ayesa kulankhula: "Bwanji muyambe mwachotsa waya wa negativu kubatire?"

"Amayi, khalani phee. Ndi 12 volts iyi, sipha munthu."

Kugwira sigwiradi munthu. Koma batire lomwelo limafiiritsa waya ngati khala, ndipo mphete ya katswiriyo ikakhudza polakwika, chala chidziwanso.

Nyali iyaka. Anthu aombera m'manja, katswiri alandira ya Fanta. Posakhalitsa kafungo ka pulasitiki kayamba kutuluka pansi pa chiwongolero, ndipo aliyense akumbukira kuti anali paulendo. Wachipisi abwerera kuchiwaya, bambo aja athamangiradi kumaliro, katswiri wapita kukatenga sipanala ndipo mpaka pano sanabwere.

Atsala bwana ndi mayi aja, amene akumasula batire ndi sipanala ya 10. Nambala ya fyuzi yoyenera inalembedwa pachivundikiro cha bokosi lake, chimene katswiri anakhalira pogwira ntchito.