Moni wathu unapita kumwamba, ine ndikadali pa Muloza

Pamsika wa Milange pali odziwa mtengo wa nandolo, pali otha kusintha makwacha kukhala metikali ali chitsinzinire, ndiye pali ine wodziwa za sayansi. Udindowu sanandipatse a boma kapena amfumu ayi. Ndinadzipatsa ndekha nditagula foni yolowa masimu khadi awiri, ndipo palibe anabwera kudzandilanda, kupatula mayi a kunyumba amene amati sayansi yanga imathera pomwe lathera batire.

Masimu awiriwo si matama. Munthu wogula chimanga kuno n'kukagulitsa ku Limbuli amakhala ndi miyoyo iwiri. Khadi ya Movitel ndi ya alimi a kuseri kwa phiri la Tumbine ndi ndalama za pa e-Mola, pomwe ya Airtel ndi ya mavenda a ku Limbe. Phindu lalikulu limaoneka pa nkhani ya ngongole. Wa ku Malawi akadandaula kuti foni yanga simapezeka, ndimati ndinali ku Mozambique. Wa ku Mozambique akadandaula, ndinali ku Malawi. Onsewo amangogwedeza mutu mwaulemu chifukwa nawonso amandinamiza bodza lomwelo. Zoona zake n'zakuti netiweki sidziwa mtsinje wa Muloza. Imaoloka m'mawa ndi madzulo, yopanda chiphaso, yosadinditsa paliponse, ine ndili pamzere ndi matumba anga ndi mnyamata wa kabaza amene wayamba kale kuwerengera nthawi yodikira.

Poti ndine katswiri, anthu amandifunsa kuti foni yabwino ndi iti. Yankho langa silisintha: ya mabatani, yokhala ndi tochi, wailesi ndi batire losunga moto sabata yathunthu. Amene anaganiza zoika tochi pafoni anali munthu woti anapitapo kuchimbudzi usiku nthawi ya dzinja, ndipo akanayenera kumangiridwa chipilala pamphambano. Koma ine mwiniwake ndimayenda ndi yatachi imene mphwanga anatumiza kuchokera ku Joni, chifukwa katswiri sangaoneke ndi ya mabatani pagulu. Imeneyi imadya kuposa ana. Ikakhuta moto kwa wometa tsitsi wa sola, imafuna mayunitsi. Ikakhuta mayunitsi, imati ikufuna kudzikonzanso, ndiye imameza bandulo yonse usiku ine ndili mtulo, m'mawa n'kudzuka mabatani onse atasamuka malo. Galasi lake linang'aluka mwezi woyamba, moti nkhope ya aliyense woimba imabwera yogawika pawiri. Kwa ena a iwo n'koyenera.

Koma nkhani imene imandiwawa ndi ya nyimbo. Ife tinakulira ku Mulanje nthawi ya nkhondo, pamene anthu pafupifupi miliyoni imodzi a kuno anathawira ku Malawi, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Tinabwerera kwathu ndi zinthu ziwiri: mapoto ndi makaseti. Kaseti inali chuma. Umaigula kwa O.G. Issa kapena kwa venda amene anakaoda kumeneko, umailemba dzina kuti wobwereka achite manyazi, ndipo wailesi ikaitafuna umaichita opaleshoni ndi bolopeni ndi utoto wa m'zikhadabo. Nyimbo inali ndi thupi. Ukakwatira, makaseti a Lucius Banda ankawerengedwa pa katundu wa mwamuna, pamodzi ndi njinga.

Kenaka kunabwera kubena. Mnyamata mmodzi, kompyuta imodzi ya fumbi, kakontena kamodzi, ndipo mwa iye muli oimba onse a Malawi, Mozambique, Zambia ndi Congo. Umamupatsa memori khadi yochepa kuposa chikhadabo, iye n'kuthiramo nyimbo zoti sungazimalize mpaka kukolola. Ndinamuuza wanga kuti ndikufuna Allan Namoko, Black Missionaries ndi kwaya pang'ono za Lamulungu. Anaikamo zimenezo, n'kuonjezera mwa ulere maulaliki atatu, marrabenta, nyimbo za kampeni za zipani zotsutsana, ndi zina zambiri zopanda dzina, nambala yokhayokha. Tsiku lina apongozi aakazi atabwera, ndinati ndiwasangalatse ndi kwaya. Kwaya itatha, foni mwa nzeru zake inasankha yotsatira, imene mawu ake amamveka bwino kubala cha m'ma 11 koloko usiku. Apongozi anayang'ana kudenga, mayi a kunyumba anayang'ana ine, ine ndinayang'ana foni, ndipo foniyo inasankha nthawi yomweyo kukana chala changa. Ndinafotokoza kuti ndi mmene imagwirira ntchito sayansi. Apongozi anati, “Zikomo bambo, taimva sayansiyo,” n'kupempha kuti akapume.

Ndisaiwale sipika ya Bluetooth. Mkati mwake muli mayi wina amene amalankhula Chingerezi cha ku China nthawi iliyonse ukaiyatsa. Mayi a kunyumba anatenga nthawi kuti akhulupirire kuti sindimudziwa.

Tsopano ana a sukulu akuti memori khadi ndi yachikale. Kuyambira February 2021, Spotify inafika ku Malawi ndi ku Mozambique komwe, ndipo palinso Boomplay ndi YouTube. Akuti nyimbo zonse za dziko lapansi zili mumtambo, umangotapa. Ndinayesa kutapa. Nyimbo inayamba bwino, woimba anakoka mpweya kuti akweze mawu, pomwepo kabwalo kanayamba kuzungulira, ndipo anakhala chikokere mpweyawo mpaka ndinafika pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Bandulo ikatha, mtambo umapita ndi nyimbo zake zonse, iwe n'kutsala ndi chete amene unalipira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Memori khadi yanga, ndi maulaliki ake ndi zolaula zake, imaimba ngakhale pakati pa munda wa nandolo pomwe netiweki sinapondepo.

Ndikudziwa kuti wina anena za oimba, ndipo akunena zoona. Mwa ndalama zimene ndinapatsa mnyamata wobena uja, banja la Namoko silinaonepo ngakhale tambala. Ku Malawi kuli bungwe la COSOMA, lomwe lakhala likuthamangitsana ndi nkhani imeneyi kuyambira 1992, koma kuthamangitsa nyimbo yoti imalumpha kuchoka mufoni kulowa mufoni inzake anthu atangokhala moyandikana mu minibasi si ntchito yamasewera. Chomwe sindivomereza n'choti mtambowo ndiye mpulumutsi. Taonani agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Ataimbanso Linny Hoo ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimboyo inafalikira pa TikTok, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 inali itaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni. Atsikana a ku Asia ankavina, eni ake nyimbo alibe n'komwe foni yoti aonerepo kuvinako. Ine ndikaba nyimbo ndimaba ndekha, mwamanyazi, ndipo ndikakumana ndi woimbayo ndikhoza kumugulira thobwa. Dziko lonse likamvera limodzi mwaulere, thobwalo agule ndani?

Za kumwamba ndinazilowa mosafuna. Usiku wina kunadutsa mzere wa nyali mlengalenga, zoyenda mondondozana mwakachetechete kulowera ku phiri la Mulanje. M'mawa anthu anasonkhana pakhomo panga, poti katswiri ndi wa nthawi ngati zimenezi. Ndinafotokoza modekha kuti amenewo ndi masetilaiti a Starlink, a Elon Musk wobadwira ku Pretoria, kuti amayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndipo amagwetsera intaneti m'kambale kamene mumakaona pamadenga a mabwana ena. Ndinaonjeza kuti anayamba kugwira ntchito ku Mozambique mu June 2023, ku Malawi mu July chaka chomwecho. Ndinanenanso, ndi mawu okweza pang'ono, kuti setilaiti ikamadutsa pamutu pathu imakhala pafupi nafe kuposa Maputo, ngakhale utayeza molunjika. Apa anthu anavomereza msanga kuti zimenezo n'zosadabwitsa.

Amalume anga okha ndiwo sanakhutire. Anafunsa ngati zinthuzo zimaoneka usiku. Ndinati inde. Ngati zimalira. Ndinati sizimveka. Ngati zimaima pa Muloza kudinditsa. Ndinati ayi. Ngati mwini wake analemera mosadziwika bwino. Ndinati ndi mmodzi mwa olemera kwambiri padziko lonse. “Ndiye mphwanga,” anatero amalume, “ukusiyanitsa chiyani ndi ndege ya lichero?” Ndinayankha kuti ya lichero siilipiritsa pamwezi. Mpaka lero ndimaona kuti mtsutsowo ndinapambana ndine, ngakhale anthu anaombera m'manja amalume.

Musk yemweyo akufuna kusamutsira anthu ku Mars. Maganizo anga ndi achidule: ulendo wa miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri, kofika kulibe mvula, kulibe mpweya wopuma, kulibe dimba. Monga venda, ndikuona kuti thumba la chimanga kumeneko lingagulitsidwe bwino kwambiri. Vuto ndi kabaza.

Musaganize kuti maloto amenewa ndi a azungu okha. Mu 1964, Zambia ikulandira ufulu, mphunzitsi wina dzina lake Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti dziko lake lipita kumwezi ndi ku Mars asanafike America ndi Russia. Ophunzira ake ankawalowetsa mumgolo n'kuwagubuduza pamtsetse kuti azolowere, anasankha mtsikana Matha Mwamba ndi amphaka kuti akhale paulendowo, ndipo anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni. Sanapatsidwe, ndipo dziko linaseka. Ine sindiseka kwambiri. Aliyense amene anakwerapo kumbuyo kwa lole ya chimanga pamsewu wa Mocuba usanaikidwe phula anamaliza maphunziro a Nkoloso, mwina n'kupitirira.

Chombo chokha chimene ndimachivulira chipewa ndi Voyager 1. A NASA anachiulutsa pa 5 September 1977, patangopita masiku ochepa chinzake Voyager 2 chitanyamuka pa 20 August. Lero chili kutali makilomita oposa 24 biliyoni, ndipo uthenga wake umatenga maola oposa 22 kuti ufike kuno. Chimalankhula ndi mphamvu ya mawatsi pafupifupi 23, yosakwana kuyatsa wailesi yakanema ya pabala. Makompyuta ake onse pamodzi amasunga zinthu zochepa moti nyimbo imodzi ya pa memori khadi yanga singakwanemo, ndipo anachiikira tepi yosungira zomwe chapeza. Tepi, abale, imene ana anga amandiseka nayo. Kumapeto kwa 2023 chinayamba kubwebweta zosamveka, kachipangizo kamodzi katawonongeka, koma pofika April 2024 akatswiri anali atachikonza ali chikhalire ku California. Foni yanga yatachi, yoti mmisiri amaigwira m'manja n'kuipepera ndi pakamwa, anailephera. Anangondilipiritsa ya kutsegula.

Ndiye mvetsani ichi. Pambali pa chombocho anamangirira mbale ya galamafoni, yamkuwa wokutidwa ndi golide, imene gulu lotsogozedwa ndi Carl Sagan linakonza kuti amene angadzachitole adziwe kuti kuno kunali anthu. Muli nyimbo za mphindi 90, zithunzi zoposa 100 ndi moni m'zilankhulo 55. Anaikamo ndi singano yake yoimbira, osati kuwauza alendowo kuti akagule bandulo. Pa zilankhulo 55 zija pali Chipwitikizi, ndipo pali Chinyanja. Zilankhulo ziwiri zimene ndimakanganirana nazo mtengo wa chimanga zinatuluka kale m'dera la dzuwa, Voyager 1 itadutsa malire akewo mu 2012. Palibe anachiimitsa kufunsa kuti mwanyamula chiyani. Wa Chipwitikizi anangofunira onse mtendere ndi chimwemwe, n'kutseka pakamwa. Wa Chinyanja, poti ndi munthu woleredwa, anafunsa anthu a kumwambako kuti ali bwanji.

Apa ndi pomwe pali vuto limene a NASA sanalione, ndipo ndikadakhala mu komitiyo ndikadawachenjeza. Kwathu kuno moni si mawu otaya. Ukafunsa munthu mmene alili, iye amayankha n'kukubwezera funso. Iwe uyankhe, ufunse za ana. Iye afunse za kumunda. Ufunse za odwala, za mvula, za maliro amene sunafikeko, upepese. Ndi alendo okhala kutali chotero, funso lililonse kudikira yankho zaka, moni yekhayo adzatha mibadwo tisanafike pa chomwe abwerera. Ndipo wofunsidwa bwino chotero amadziwa kuti wapeza abale. Sadzapita ku London kapena ku Beijing. Adzatsikira kuno, ndi ana, ndi akatundu, osanena tsiku lobwerera.

Ndinawafotokozera zimenezi mayi a kunyumba tikudya, n'kuwalimbitsa mtima kuti chombocho chidzayandikira nyenyezi ina pakatha zaka pafupifupi 40,000, choncho nthawi yokonzekera ilipo. Anapitiriza kutema nsima osandiyang'ana. “Bambo a ana,” anatero, “azibale anu onse amayamba choncho, kuti abwera chaka chamawa. Akafika amenewo mukawalandirire kwa amalume anu. Nkhuku zili m'kholamo ndi za fizi.”