Maso a nkhono, miyendo ya makanja

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Adanena zoona, koma sadagwirepo kamera pabwalo la Gule Wamkulu. Nkhono ndi yaulemu. Ukhoza kukhala pansi, kusenda nzimbe, kutafuna mpaka kumaliza, iyo ikadaganizabe zotulutsa maso. Kapoli, chilombo cha guleyu, alibe nthawi imeneyo.

Pitani ku mwambo wa Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumapeto kwa Ogasiti, mukaone ojambula zithunzi mmene amakhetsera thukuta. Choyamba apemphe kaye kwa eni gule, chifukwa ngakhale UNESCO idalemekeza guleyu mu 2005, chilombo sichijambulidwa ngati mkwatibwi. Akaloledwa, ng'oma zija zayamba, fumbi koboo! Mnzathu wadekha, wadekha, diso lili pagalasi, kenaka khethe! Kukafika kunyumba, pachithunzi pali fumbi looneka bwino zedi, chidendene chimodzi pakona, ndi mayi wogulitsa zitumbuwa amene wawala kuposa aliyense. Makanja, ovina ataliatali aja, ndiye amachita kunyoza. Ukatenga mutu, miyendo yatsala kunja. Ukabwerera m'mbuyo kuti akwane yense, waponda mwana wa eni ake, mlandu wayamba.

M'holo ya zisudzo fumbi mulibe, koma muli mdima. Kuti kamera iimitse munthu ali m'malere iyenera kuphethira mwachangu, mwina 1/500 ya sekondi, ndipo diso lophethira chotero sililowetsa kuwala kokwanira. Ukalichedwetsa, wosewera amatuluka ndi manja anayi. Ukayatsa fulashi, munthu amene wafa pa siteji uja amadzidzimuka, holo yonse n'kufa ndi phwete maliro ali mkati. Amene ankajambula Izeki ndi Jakobo ku French Cultural Centre ku Blantyre ndiye ndimawamvera chisoni: ungagwire bwanji kamera osagwedezeka nthiti zikuwawa ndi kuseka?

Komabe mwambiwu sindikuutaya. Kungoti kudekha kwa wojambula gule kuli m'khutu. Amene amabwerako ndi chithunzi chenicheni ndi uja amamvera mbalule, ng'oma imene imalankhula ndi miyendo ya wovina, ndipo amadina chala wovinayo asanadumphe. Ukadikira kuti uone kaye kudumphako, wajambula kutera. Ku zisudzo nakonso, wochenjera amapita tsiku loyeserera, akaone pamene apongozi adzakomoke ndi mbali imene adzagwere. Zinazi n'kutchova juga: kudina kosalekeza, batire n'kutha sewero lisanafike pakati.

Ndiye inu okhala kutsogolo, amene mumakweza foni m'mwamba gule akangolowa m'bwalo, tsitsaniko manja, chonde. Munthu ali kumbuyo kwanuyo wabwera pa ntchito, ndipo zithunzi za zigongono ali nazo kale zokwanira.