Chikwakwa cha Mlendo

Munthu akasamukira m'nyumba ya aphunzitsi kuno ku Domasi, kumene sukulu ya Jeanes inayamba m'chaka cha 1929 kuphunzitsa aphunzitsi ndi akazi awo kusamala pakhomo, angayembekeze kupeza bwalo losesedwa bwino. Koma akafika mvula ya Januwale itatsika m'phiri la Malosa, amapeza tsekera wofika m'khosi ndi minga yonse imene Adamu anatisiyira.

Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo wathuyu, atanola chikwakwa, amayamba kutchetcha mwachamuna, akulinganiza mumtima pokhala dimba la mpiru ndi pomanga khola la nkhuku. Asanapukute thukuta, amatulukira mayi woyandikana naye, nagwada mwaulemu.

“Pepani aphunzitsi, chisoso ndi bonongwe mwagwetsazo ndi ndiwo zathu.”

Kachitsamba ka kuseri ndi mankhwala a agogo ena. Mango ndi a ana a mzere wonsewo. Chinangwa nacho, mwini wake, ngakhale anasamutsidwira ku Machinga, wanena kuti adzabwera ndi thumba mu Ogasiti. Chosowa mwini pabwalopo ndi njoka yokha.