Mboni Ziwiri, Wolakwa Ali Pampando

Ku ofesi kwathu amanditcha "injiniya". Dzinali ndinalipeza tsiku lina printa itakana ntchito: ndinangoizimitsa n'kuiyatsanso, iyo n'kuyamba kusindikiza. Kuyambira pamenepo intaneti ikangoyamba kukwawa, maso onse amakhala pa ine.

Sabata yatha inakwawadi. Ndinalowa mu rauta yathu ya Cisco n'kulemba "show interfaces" monga ndinaonera pa YouTube. Abale inu, ma CRC error mbwee! Kwa amene simunafike pa uinjiniya wanga: uthenga umayenda pa waya m'timaphukusi, ndipo kaphukusi kalikonse kamanyamula nambala kumchira kwake. Wolandira amawerengeranso yekha. Nambala zikasiyana, ndiye kuti kavulala panjira, ngati thumba la chimanga lofika litabooka; imeneyo ndiye CRC error.

Kuti bwana aone kuti sadyetsa mlesi, ndinatsegula Wireshark, pulogalamu yoonera timaphukusi timeneti, pa laputopu. Ndinadikira mpaka tiyi kuzizira. Kaphukusi kovulala? Ngakhale kamodzi.

"Ndiye akunama ndani?" anafunsa bwana.

Ndinakhosomola kaye, n'kunena kuti rautayo yakalamba, yayamba kuona zinthu zomwe kulibe, tigule ina.

Apa kamtsikana kena kodzaphunzira ntchito, komwe ndinkakatuma kogula mandasi, kanakweza dzanja. "Ankolo, pepanitu, palibe akunama." Kanafotokoza kuti switch, kabokosi kolumikiza makompyuta athu ku rauta, ikalandira kaphukusi kovulala imakataya pomwepo, ndipo khadi la netiweki la mu laputopu nalo limachita chimodzimodzi. Wireshark imangoona zimene zaloledwa kulowa. Zili ngati mwini ukwati kulumbira kuti paphwando panalibe zidakwa, pomwe alonda azibweza usiku wonse pageti.

"Komanso ankolo, rauta siiwala. Imawerenga kuyambira tsiku lomwe inayatsidwa, pokhapokha muilamule kuti clear counters. Wireshark yanu yayamba kuwerenga mmawa uno."

Pamenepo ndinamvetsa msanga, chifukwa apongozi anga ndi otero. Nkhuku yawo imene ndinaiponda ndi njinga ndili pachibwenzi ikadali m'kaundula. Komanso rauta yathu ili pa batire, moti ngakhale magetsi azime, siikhululuka.

Tinafufuta manambala n'kuyamba kuyang'ana tonse atatu. Zii. Ndinakankha mpando kuti ndiimirire ndilengeze kuti ndakonza, nambala ya ma CRC error ija n'kudumpha. Nditakhala, inadumphanso. Mtsikana uja anagwada n'kusuzumira pansi pa tebulo langa, kenako anadzuka mwaulemu kwambiri, uku akudziluma mlomo.

Waya wochokera ku rauta kupita ku switch unali pansi pa mwendo wa mpando wanga, utaphwatalala ngati chingwe cha nsapato. Ndinaudutsitsa pamenepo ndine ndemwe, chaka chatha, pofuna kuti ofesi izioneka yaudongo.

Waya watsopano ndagula ndi ndalama zanga. Mandasi masiku ano ndikukagula ndekha.