Ulemerero wa Funso Lalitali la mu Crossword

Funso lalitali ndi funso la mu crossword lomwe limapitiriza kulankhula anzake onse atakhala kale chete. Crossword ndi masewera a m'nyuzipepala: munthu amapatsidwa bwalo la timabokosi toyera ndi takuda, n'kumalemba chilembo chimodzi m'kabokosi koyera kalikonse, mawu ena mopingasa, ena motsitsa, motsogozedwa ndi mafunso osanjidwa pambali. Mafunso ambiri ndi amanyazi. Amatulutsa mawu awiri kapena asanu, basi n'kubisala. Lalitali limadya mizere itatu kapena inayi, limayenda ndi mipumiro yakeyake, nthawi zina chaka ndi dzina la munthu amene anatisiya kalekale, ndipo woliwerenga amafika kumapeto ataiwala kumene anachokera. Kulizindikira n'kosavuta. Ndi funso lomwe munthu amaliwerenga kawiri asanayambe n'komwe kuganiza za yankho.

Silinabadwire limodzi ndi masewerawa. Crossword yoyamba inatuluka pa 21 Disembala 1913 m'nyuzipepala ya New York World, ndipo anaikonza ndi Arthur Wynne, mbadwa ya ku Liverpool. Mafunso ake anali ouma. Lina linkangofuna mbalame, lina linkafuna nkhunda, ndipo yankho la onse awiri linali liwu limodzimodzi. Mu 1924 kampani ya Simon & Schuster inatulutsa buku loyamba la ma crossword, pensulo atamangirira pomwepo, ndipo anthu a ku America anapenga nalo. The Times ya ku London inayamba kusindikiza yake mu 1930. The New York Times, itanyogodola masewerawa kwa zaka zambiri, inagonja mu 1942 n'kuika Margaret Farrar kukhala mkonzi wake. Nthawi yonseyo funso lalitali linkangopenyera patali, podziwa kuti tsiku lina mawu afupiafupi adzatopa.

Anatopadi. Malamulo a ku America amafuna kuti chilembo chilichonse chikhale m'mawu awiri, lopingasa ndi lotsitsa, kuti liwu lisachepere zilembo zitatu, ndiponso kuti timabokosi takuda tikhale pamalo omwewo ngakhale bwalo litazondotsedwa. Bwalo la The New York Times la mkati mwa sabata lili ndi timabokosi 15 m'litali ndi 15 m'lifupi, la Lamulungu 21 mbali zonse. Kuti mawu alukane mothina chonchi, wokonza amathawira ku timawu tatifupi todzala ndi mavawelo, ndipo timawu totere m'Chingerezi n'tochepa. N'chifukwa chake nyanja ya Erie, chomera cha aloe ndi bisiketi ya Oreo sizisowa m'mabwalo a ku America chaka ndi chaka. Oreo inayamba kugulitsidwa mu 1912, kotero ndi mkulu wake wa crossword ndi chaka chimodzi. Kale ankaifunsa mozemba, ngati mphatikiri yochokera ku Chigiriki yotanthauza phiri, mpaka Will Shortz atakhala mkonzi wa crossword ya The New York Times mu 1993 n'kuilola kulowa ngati bisiketi.

Apa m'pamene funso lalitali limaonetsa chifundo chake. Wokonza amene Erie wamugwera kachikwi sangalembenso kuti nyanja ya ku America osagwira nkhope. Ndiye amakumba: nyanja ya pakati pa United States ndi Canada, yomwe ngalande yotsegulidwa mu 1825 inailumikiza ndi mtsinje wa Hudson, imenenso madzi ake amakagwa pa mathithi a Niagara. Mawu oposa 20 atumidwa kukatenga zilembo zinayi. Osayamika amati uku n'kusakaza. Iwo saona kuti munthu amene anangofuna kutayitsa nthawi wachoka ndi jogalafe, mbiri yakale ndi luso lokumba ngalande, zonsezo pamtengo wa nyuzipepala imodzi, iye osapempha. Chogometsa kwambiri n'chakuti katswiri amayankha atangoona liwu loti nyanja ndi timabokosi tinayi. Mawu otsalawo amakhala pamzere osawerengedwa ndi munthu, osadandaula, kugwira ntchito yongodzipereka. Ku America, yankho likamafupika funso limatalika.

Ku Britain zinthu zinayenda mwina. Kumeneko funso lalitali linakulira m'nyumba ya crossword yokuluwika, imene eni ake amaitcha cryptic. Mtundu umenewu unakhwima m'manja mwa Edward Powys Mathers, yemwe ankalemba mu The Observer kuyambira 1926 podzitcha Torquemada, dzina la mkulu wa bwalo lozunza anthu la ku Spain. Posankha dzinalo sananamize munthu. Funso lokuluwika lili ndi mbali ziwiri, tanthauzo lenileni la yankho ndi njira yachinyengo yolimangira, ndipo kumapeto kwake, m'mabulaketi, mumakhala manambala onena kuchuluka kwa zilembo za liwu lililonse. Chimodzi mwa zida zake zazikulu ndi anagram, kutenga zilembo za mawu ena n'kuzisanja mwatsopano kuti zinene zina. Popeza chilembo chilichonse cha yankho chiyenera kupezeka m'funso momwemo, yankho lalitali limabereka funso lalitali, ndipo mkonzi sangalidule mchira osapha masamu ake onse.

Mfumu ya mtundu umenewu anali John Galbraith Graham, m'busa wa mpingo wa Anglican, amene analembera The Guardian kuyambira 1958 mpaka anamwalira mu 2013, wodziwika ndi dzina loti Araucaria. Funso lake lotchuka la nyengo ya Khirisimasi lili ndi mawu 14, onena za angelo oimba ndi kutsika kwa Mwana kudzakweza dziko. Zilembo zake zonse 59, popanda chotsala kapena chobwereka, zikasanjidwa mwina zimatulutsa chiyambi cha nyimbo ina ya Khirisimasi, ya abusa olonda nkhosa usiku. M'mabulaketi mwake munali (5,9,7,5,6,2,5,3,6,2,3,6), manambala 12 omwe paokha amaposa mafunso ambiri msinkhu. Yankho lotere silikwana pamzere umodzi wa bwalo wamba. Limadulidwa nthulinthuli n'kumwazidwa uku ndi uku, kotero amene walephera funso limodzili walephera gawo lalikulu la bwalo, ndipo amapulumuka ku mtolo wokhala ndi chiyembekezo. Funso lina la m'busayu, la yankho la zilembo 26, linaseka Jeffrey Archer, wandale ndi mlembi wa mabuku amene anamangidwa mu 2001 chifukwa chonama m'khoti. Pamaso linkamutchula kuti ndi munthu wodzisunga modabwitsa, wongokhala phee. Yankho lake linali dzina la nyumba ya Archer yemweyo ku Grantchester, pafupi ndi Cambridge, lomwenso ndi mutu wa ndakatulo ya Rupert Brooke. Funso la mawu atatu silingathe kunyoza bwana, kulozera nyumba yake ndi kulemekeza mlakatuli pa mpweya umodzi.

Mu 1979 Roger Squires, amene owerenga The Guardian anadzamudziwa ngati Rufus, anaika m'bwalo dzina la mudzi wa pachilumba cha Anglesey ku Wales: Llanfairpwllgwyngyllgogerychwyrndrobwllllantysiliogogogoch. Zilembo zake ndi 58, ndipo analifunsa ndi anagram. Aliyense wodziwa Britain akaona liwu loti Wales ndi nambala 58 amadziwa yankho pomwepo. Kulilemba ndiye nkhani ina. M'dzinamo muli ma l okwana 11, anayi mwa iwo ondondozana, ndipo ndi funso lalitali lokha, lonyamula chilembo chilichonse pamsana, lomwe lingauze munthu kuti wasiya l mmodzi panjira.

Pali mafunso ena omwe utali wawo uli m'ulendo. Pa 4 wopingasa pamalembedwa kuti onani 17 wotsitsa. Pa 17 wotsitsa akuti yankho likuyambira pa 22. Pa 22 pali funso lomwe silimveka mpaka munthu atayankha 4. Mtundu uwu ndi wothandiza maso ndi khosi. Pamwamba pa onsewa pali mawu otsogolera a crossword ya The Listener, imene inayamba mu 1930 m'magazini ya BBC ya dzina lomwelo n'kusamukira ku The Times mu 1991 magaziniyo itatsekedwa. Munthu asanafike pa funso loyamba amakumana ndi ndime yathunthu yomuuza, mwachitsanzo, kuti mafunso ena ali ndi liwu lowonjezera loyenera kuchotsedwa, kuti ena ali ndi chilembo cholakwitsidwa dala, kuti zilembo zolakwikazo zikaikidwa pamodzi zipereka lamulo lina, ndipo lamulolo lisintha mayankho omwe walemba kale. Ndimeyi imakhala ngati mlendo wolemekezeka pa ukwati amene amayamba n'kulonjeza kuti sachulutsa gaga m'diwa, mpunga n'kuzizira m'mbale iye akadali pa malonje.

Phindu la funso lalitali kwa wodzaza ndi losayamba. Limaphunzitsa kudekha, paja maso a nkhono saonekera wothamanga. Limateteza lilime, chifukwa tiyi amakhala atapola munthu asanalimalize. Limamanga banja: funso lalifupi munthu amalimbana nalo yekha mumtima, koma lalitali amaliwerengera mnzake mokweza, mnzakeyo n'kupempha kuti abwereze, ndipo anthu awiri omwe anadzuka osalankhulana amapezeka akukangana za mtsinje wa Hudson. Kwa wolephera limapereka chophimbira manyazi chomwe lalifupi lilibe. Amene wakanika funso la mawu awiri alibe pothawira, pamene wokanika lalitali amangonena kuti wokonza analemba zosokonekera, ndipo nthawi zambiri amapeza omuvomereza.

Papepala, malo a mafunso ndi oyezedwa. Funso limodzi likatenga mizere inayi, mkonzi amachita chimodzi mwa ziwiri. Mwina amachepetsa zilembo za tsamba lonse, zomwe ogulitsa magalasi a maso sanadandaulepo. Apo ayi amameta mafunso oyandikana nalo mpaka atsale mafupa okhaokha. Mafunso afupiafupi ambiri omwe amatamandidwa kuti ndi akuthwa ananoledwa motero, ndi njala yomwe lalitali linawagwetsera, koma pa tsiku loyamikira palibe amalitchula.

Adani ake ndi ambiri, ndipo ena ndi anthu ophunzira. Derrick Somerset Macnutt, amene analowa m'malo mwa Torquemada mu 1939 podzitcha Ximenes, anatulutsa buku la malamulo a lusoli mu 1966, ndipo omutsatira amaphunzitsa kuti liwu lililonse m'funso lizigwira ntchito, losagwira lichoke. Okonda zachidule amanyadira funso lina lodziwika la zilembo zisanu ndi zitatu zokha, HIJKLMNO. Yankho lake ndi liwu la Chingerezi la madzi, chifukwa zilembozo zikuchokera pa H kukafika pa O, ndipo kunena zimenezi m'Chingerezi kumamveka ngati H2O, dzina la madzi la akatswiri a sayansi. N'lokongola ndithu. Koma aliyense amene anayesapo kulifotokozera mnzake amadziwa kuti kufotokozako kumatenga mawu ambiri kuposa funso la nyanja lija. Utali sunachoke, wangosungidwa kuti ukalipiridwe mtsogolo. Adani ena ndi a liwiro. Mu 1942 The Daily Telegraph inachititsa mpikisano womaliza crossword pasanathe mphindi 12, ndipo ena mwa opambana anaitanidwa kukagwira ntchito yomasula mauthenga achinsinsi a adani ku Bletchley Park. Ku America mpikisano wa pachaka womwe Shortz anauyambitsa mu 1978 ku Stamford, m'chigawo cha Connecticut, umaperekanso mapointi pa mphindi iliyonse yomwe munthu wapulumutsa. Kwa anthu otere funso lalitali ndi chipika pamsewu. Ilo silikwiya nawo. Limangowachedwetsa mofanana ndi wina aliyense, mosayang'ana nkhope.

Intaneti inagwetsa mpanda womwe pepala linamanga. Ma crossword osindikizidwa pa kompyuta, monga a American Values Club omwe anayamba kudziimira paokha mu 2012 ndi a The New Yorker omwe anayamba mu 2018, sawerengera mizere monga nyuzipepala ichitira, ndipo okonza achinyamata amaika m'mafunso nthabwala, mbiri za oimba ndi maganizo awoawo pa yankho lomwe akufunsalo. Funso lalitali silinakhalepo paufulu chonchi. Chopinga chomwe chatsala ndi foni ya m'manja, pomwe funso limaoneka m'kampata kopyapyala pakati pa bwalo ndi mabatani a zilembo. Likafika pamenepo, zilembo zake zimafota kuti likwane, kapena mchira wake umabisika mpaka mwini foni ataukoka ndi chala.